Kutheratu mphamvu kwa anamwino m'zipatala za kuno ku Chigwa cha Shire

Namwino_waNaiti

Ndikupempha anamwino anzanga, azamba ndi onse amene mumagwiritsa ntchito zipatala za m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje kuti tikambirane nkhani imene ambiri timaopa kuitchula poyera. Ndikunena za kutopa kumene sikutha ngakhale munthu atagona tsiku lathunthu, kumene kumayambira m'thupi nkukalowa mumtima, mpaka namwino amene anayamba ntchito ali wachifundo safunanso kumva wodwala akuitana. M'wodi imene ndimagwira, usiku timakhala anamwino awiri, nthawi zina mmodzi, mabedi onse ali odzaza ndipo odwala ena atagona pamatilesi pansi. Kukacha sitiweruka msanga, chifukwa pamakhala kupereka ripoti, kudzaza makaundula ndi kuwerengera mankhwala. Ukafika kunyumba m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala umapeza malata atatentha kale, kunja kutapitirira madigiri 40, ndipo umangotembenuka pamphasa mpaka nthawi yobwerera kuntchito itakwana.

Kodi kumeneku ndi kufooka kwa munthu payekha, monga amatiuzira ena kuti unamwino ndi maitanidwe ndipo tilimbe mtima, kapena vuto lili m'kayendetsedwe ka ntchito? Ndipo inu amene munadutsamo, munachira bwanji osasiya ntchito?

Gadiyani_wakuTsidya

Pepani a nesi, ine ndilankhula ngati munthu amene amagona pansi pa bedi la wodwala. Chaka chatha ndinkadwazika mwana wa mchemwali wanga amene anagonekedwa ndi malungo aakulu. Pakati pa usiku dripi inatha ndipo magazi anayamba kubwerera m'kapaipi. Ndinakagogoda pachitseko cha anamwino, ndipo amene anatsegula anandikalipira pamaso pa anthu kuti kodi ndikuganiza kuti wodwala ndi wanga yekha. Anabwera ndithu patapita nthawi, mwana anachira, koma mawu aja sanandichoke. Ife timabwera kuchipatala tili ndi mantha, ndalama tilibe, ena tawoloka Shire pa bwato. Ngati mwatopa, cholakwa chathu nchiyani?

WaNdindi

Amayi awa anena zimene anthu ambiri akumudzi amadandaula. Nchifukwa chake ena amachedwa kubwera kuchipatala, poopa kukalipiridwa.

Mzamba_Wopuma

Amayi a kutsidya, cholakwa chanu palibe, ndipo amene anakukalipiraniyo analakwa. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti musaganize kuti ndikuikira kumbuyo mnzanga. Komabe ndikupempheni kuti muone chimene chimakhala kuseri kwa chitseko chimene munagogodacho, chifukwa ine ndagwira uzamba mpaka kupuma ndipo ndaona atsikana abwino akusintha maso anga akuona.

Mu 2019 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization linavomereza kuti kutheratu mphamvu ndi vuto lochokera ku ntchito, lobwera pamene munthu wapanikizika kwa nthawi yaitali popanda chomupepuza. Linatchula zizindikiro zitatu. Choyamba ndi kutopa kosatha. Chachiwiri ndi kutalikirana ndi ntchito mumtima, kumene kumaoneka ngati kuuma mtima kapena kusalabadira. Chachitatu ndi kulephera kugwira ntchito mmene unkaigwirira, nkumadziona ngati wopanda phindu. Chimene munakumana nacho usiku uja mwina chinali chachiwiricho. Mtima wa munthu ukaona zowawa zambiri zimene sungathe kuzithetsa, umadzitchinjiriza potseka makomo, ndipo woyamba kupwetekedwa ndi wodwala amene sanalakwe chilichonse.

Taganizani za mzamba amene ali yekha m'chipinda chochirira. Malamulo a ntchito yathu amati mtima wa mwana amene ali m'mimba uzimvedwa pa mphindi 30 zilizonse mayi akakhala pa matenda. Mwana akabadwa osalira, amafunika kuthandizidwa kupuma ndi kathumba ka mpweya mphindi yoyamba isanathe. Tsono pa bedi ili mwana wabadwa ali lobodo, pa bedi linalo mayi amene wangochira kumene akutaya magazi, nsalu yanyowa mpaka pansi, ndipo pakhomo pafika ngolo ndi mayi wina amene wakomoka chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Manja ndi awiri. Mzambayo amasankha woyamba kumuthandiza, ndipo akasankha amasenza chisankhocho moyo wake wonse. M'mawa amamufunsa chifukwa chimene pepala lolondolera matenda silinadzazidwe, koma palibe womufunsa ngati wadya kapena ngati angathe kubweranso madzulo.

Mphunzitsi_waBangula

Ndikumva zimene mukunena amayi, koma ndili ndi maganizo osiyana pang'ono. Ndani m'chigwa chino amene sakutopa? Ife aphunzitsi timaima kutsogolo kwa ana oposa 100 m'kalasi imodzi, ena pansi pa mtengo. Odula nzimbe ku Nchalo amagwira ntchito dzuwa lili pamutu. Onsewa sapatsidwa chilolezo cholankhula mwachipongwe chifukwa atopa. Ndikuopa kuti tikaipatsa dzina nkhaniyi, aulesi ndi amwano enieni adzabisalamo.

Namwino_waNaiti

Aphunzitsi, sindikupeputsa ntchito yanu, ndipo kutheratu mphamvu kumagwiranso aphunzitsi. Aulesi ndi amwano alipo m'ntchito iliyonse, ndipo bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi lili ndi mphamvu zolanga namwino wophwanya malamulo. Kusiyana kwake nkwakuti ine ndikasokoneza muyeso wa mankhwala a mwana chifukwa maso alemera, palibe mawa lokonzera cholakwacho.

Nkhaniyi inafufuzidwa. Mu 2002 katswiri wa za unamwino Linda Aiken ndi anzake anasindikiza zotsatira za kafukufuku wa m'zipatala 168 za ku Pennsylvania, ku America. Anapeza kuti namwino akawonjezeredwa wodwala mmodzi, chiopsezo choti wodwala wochitidwa opaleshoni amwalira m'masiku 30 chimakwera ndi 7 peresenti, ndipo chiopsezo choti namwinoyo atheretu mphamvu chimakwera ndi 23 peresenti. Iwo ankayerekeza namwino wosamalira odwala anayi ndi wosamalira asanu ndi atatu. Ife kuno timasamalira wodi yonse. Choncho kutopa kwa namwino ndi imfa ya wodwala zimachokera pa muzu umodzi, ndipo amene akudandaula za nkhanza zathu ndi ife amene tikudandaula za kutopa tikulira maliro amodzi.

Mlangizi_waZaumoyo

Ndiwonjezere chimene chimasiyanitsa chigwa chathu ndi maboma ena, chomwe ndi kusowa kwa nyengo yopumira. Madzi osefukira a mu Januwale 2015 anasiya anthu ambiri m'misasa. Mu Malichi 2019 kunabwera mvula ya namondwe wa Idai. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira kuno ku Chikwawa, magetsi nkumazimazima kwa nthawi yoposa chaka, ndipo azamba ambiri anachiritsa amayi atagwirizira foni pakamwa kuti iwaunikire. Pasanathe miyezi iwiri kunabwera Gombe. Mwezi womwewo wa Malichi 2022 unayamba mliri wa kolera umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo usanathe, Freddy anafika mu Malichi 2023. Kumapeto kwa 2024 abale athu a ku Mozambique anawoloka malire ambirimbiri kulowa mu Nsanje pothawa ziwawa za pambuyo pa chisankho, ndipo onsewo ankafuna chithandizo.

Tsoka lililonse likagwa, tchuthi chimaimitsidwa. Namwino yemweyo wa m'wodi ndi amene amatumizidwa ku tenti ya kolera, kumene mabedi ali ndi bowo pakati ndi ndowa pansi, fungo la klorini likuwawa m'maso, ndipo akuvutika kupeza mtsempha pa mkono wa munthu amene madzi amuthera m'thupi. Ambiri mwa anamwinowa nyumba zawo zinagwanso ndipo mbewu zawo zinakokoloka, koma ankasamalira anthu othawa madzi iwonso ali othawa madzi.

Woyendetsa_Ambulansi

Pali china chimene anthu sadziwa. Wodwala akatumizidwa ku Queens ku Blantyre, namwino amayenera kumuperekeza. Ndiye kuti wodi imene inali ndi anamwino awiri yatsala ndi mmodzi kwa maola ambiri. Tikawoloka mlatho wa Kamuzu nkuyamba kukwera Thabwa, galimoto imayenda pang'onopang'ono m'makona aja, makamaka tikatsatira lole yonyamula shuga, ndipo namwino kumbuyoko wagwada, dzanja lina lagwira dripi, lina lagwira wodwala kuti asagwe. Nthawi ya kusowa kwa mafuta timakaima pamzere, ndipo ndaonapo namwino akulira mwakachetechete chifukwa akudziwa kuti mayi amene wamusiya pa bedi alibe maola oyembekezera.

Mlimi_waMakhanga

Inu mukunena za Thabwa chifukwa kumeneko kuli phula. Bwerani kuno kutsidya la kum'mawa muone. Mvula ikagwa, Ruo ndi Shire zikadzaza, ulendo wopita ku Bangula ndi wa pa bwato. Andale akhala akulonjeza mlatho wa Mtayamoyo ndi msewu wa East Bank pa chisankho chilichonse. Msewu ukanakhala wabwino, theka la mavuto mukunenawa likanatha.

WaNdindi

Achimwene, za msewu nzoona, koma tiziyambitsire kukambirana kwake kwapadera. Pano tikhale pa za anamwino.

Mlimi_waMakhanga

Ndili pomwepo. Namwino akatumizidwa kuno sakhalitsa, chifukwa msewu kulibe, nyumba zabwino kulibe, ndipo sukulu ya ana ake ili kutali. Amene watsala ndi amene amasenza ntchito ya anthu atatu.

Mkulu_waWodi

A Mlimi akhudza pamene pamandipweteka. Ine ndi amene ndimalemba ndandanda ya mashifiti, ndipo anamwino anga ena amandiona ngati mdani wawo. Ndimakhala pansi ndi pepala la mwezi wonse, mayina ali ochepa kuposa mabokosi ofunika kudzazidwa. Mmodzi ali pa tchuthi cha uchembere, wina wapita ku maphunziro, wina wadwala, wina wasamutsidwira kumtunda kumene kuli banja lake ndipo wolowa m'malo mwake sanabwere. Lamulo la ntchito la Employment Act la 2000 limati maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata, koma ndikalitsata ndendende, masiku ena wodi idzakhala yopanda namwino.

Chimene timatsekera nacho mipata ndi lokamu, kutanthauza kuti namwino amagwira ntchito tsiku lake lopuma nkulipidwa padera. Poyamba imaoneka ngati thandizo. Koma kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 nkudzagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, malipiro anasiya kufika pakati pa mwezi, ndipo lokamu inasanduka chinthu chimene munthu sangachikane. Namwino amaweruka naiti, nkupempha yekha kuti alowenso masana, chifukwa akufuna fizi ya mwana ndi thumba la chimanga. Ndalama yakeyo imachedwa miyezi, moti wagulitsa tulo take pa ngongole. Ngakhale ng'ombe zapangolo za ku Ngabu amazimasula dzuwa likafika paliwombo, chifukwa mwini wake amadziwa kuti akazikakamiza lero, mawa alibe zokoka ngolo.

Ndimayesetsa kuti munthu asagwire ma naiti ambiri otsatizana ndiponso kuti akachoka pa naiti apume asanabwerere masana. Ndimalepheranso kawirikawiri. Pamene anthu ali ochepa, luso lolemba ndandanda silingabereke namwino.

Namwino_Wosalembedwa

Amayi, chimene chimandiwawa ine nchakuti anthu alipo. Ndinamaliza maphunziro, ndinakhoza mayeso a bungwe loona za anamwino, chiphaso ndili nacho ndipo ndimachilipirira, koma ndili pakhomo kugulitsa zitumbuwa. Anzanga ambiri a m'kalasi ali chimodzimodzi, ndipo ena amene analembedwa ndi mabungwe othandiza ntchito zinawathera pamene thandizo la dziko la America linadulidwa kumayambiriro kwa 2025. Kuwodi kukusowa manja, ife manja tili nawo, koma pakati pathu paima nkhani ya ndalama zolipira antchito a boma.

Dziko lino linachitapo kanthu pa vuto lomweli. Kuyambira 2004 mpaka 2010 panali ndondomeko yapadera yowonjezera ogwira ntchito zachipatala, mothandizidwa ndi dziko la Britain ndi thumba lothandiza pa zaumoyo la Global Fund, ndipo mu 2005 malipiro a anamwino ndi magulu ena anawonjezeredwa ndi 52 peresenti, sukulu zophunzitsa anamwino nazo nkukulitsidwa. Chiwerengero cha ogwira ntchito chinakwera. Choncho pakakhala kufuna, njira imapezeka. Malawi anaikidwa pa mndandanda wa maiko 55 amene World Health Organization inati mu 2023 ali ndi kuchepa kodetsa nkhawa kwa ogwira ntchito zachipatala, pamene ophunzira kale akukalamba pakhomo.

Mkulu_waMpingo

Ana anga, zonsezi ndamva, koma musataye mawu akuti maitanidwe. Zipatala zambiri za m'chigwa chino zinayambitsidwa ndi amishoni amene ankagwira ntchito m'mavuto oposa a lero, ndipo chimene chinkawalimbitsa ndi pemphero ndi chikondi. Namwino amene amapemphera asanalowe m'wodi satopa ngati amene akungowerengera malipiro.

Mzamba_Wopuma

Abambo, ndine wa mvano ndipo sindinayambepo shifiti osapemphera, koma apa sindikugwirizana nanu. Amene ndinawaona akugwa msanga ndi aja achikondi chachikulu, amene sankatha kunena kuti ayi, amene ankatsalira wodwala akafooka ndi kugulira ana amasiye phala ndi ndalama zawo. Wosalabadira satheratu mphamvu chifukwa sanazipereke nkomwe. Tikamauza wotopa kuti vuto ndi kuchepa kwa chikhulupiriro, timamuwonjezera mlandu pamwamba pa katundu, ndipo amasiya kulankhula. Mpingo ungathandize kwambiri polankhula kwa akuluakulu a boma za kulemba antchito, ndiponso poleka kudzudzula namwino amene sanabwere ku mapemphero chifukwa anali m'tulo ataweruka naiti.

Mkulu_waMpingo

Mawu anu ndawalandira amayi, ngakhale ndikukhulupirirabe kuti pemphero lili ndi malo ake. Za kulankhula kwa akuluakulu ndikazitula ku bungwe la atsogoleri a mipingo m'dera lathu.

Ndinadutsamo

A Namwino_waNaiti anafunsa mmene ena tinachirira, ndipo funsolo silinayankhidwe. Kwa ine zinayamba ndi mutu wosatha ndi kusowa tulo ngakhale masiku opuma. Kenaka ndinayamba kukwiya ndi ana anga pa zinthu zazing'ono, ndipo m'mawa ndikavala yunifolomu mtima unkagunda ngati ndathamanga. Chimene chinandiopsa ndi tsiku limene mwana anamwalira m'wodi, mayi ake akudzigwetsa pansi, ine osamva chilichonse, ndikungoganiza za fomu yoti ndidzaze. Anzanga ena aamuna amathawira ku mowa, ena amamwa mapilitsi ogonetsa osauza munthu.

Ndinakalankhula ndi namwino wa matenda a maganizo wa pachipatala cha boma. Ndinkachita manyazi, chifukwa kuno munthu akangoonedwa pakhomo limenelo amati watsala pang'ono kupita ku Zomba. Anandiyeza, nkupeza kuti kuthamanga kwa magazi kwakwera, ndipo anandifunsa mosazungulira ngati ndinaganizapo zodzipweteka. Anandifotokozera kuti kutheratu mphamvu kumasiyana ndi matenda ovutika maganizo ngakhale kumatha kutsegulira njira matendawo, ndipo chizindikiro chimodzi nchakuti chisoni chikakutsata paliponse, osati kuntchito kokha, pamafunika chithandizo cha kuchipatala. Ndinatenga tchuthi changa chonse chimene chinaunjikana, ndinachepetsa lokamu ngakhale kunyumba kunavuta, ndipo ndinapempha kusinthidwa wodi kwa kanthawi. Chinanso chimene chinatithandiza ndi mwambo umene tinayamba wokhala pansi mphindi zochepa wodwala akamwalira mwadzidzidzi, osati kufufuza wolakwa, koma kuti aliyense anene zimene waona ndi zimene zamupweteka. Sindinganene kuti ndinachira kotheratu, chifukwa ndinabwerera ku wodi yodzaza yomweyo. Koma ndikupempha aliyense amene wafika poganiza zodzipha kuti auze munthu lero lomwe, kaya ndi mnzake wa pantchito, kaya dokotala, asadikire tchuthi.

Gadiyani_wakuTsidya

Ndawerenga zonse ndipo zina sindinkazidziwa, makamaka zoti namwino akaperekeza wodwala ku Blantyre wodi imatsala ndi mmodzi. Koma sindikubweza dandaulo langa. Munthu angathe kunena kuti dikirani amayi, ndili ndi wina amene wafooka kwambiri, ndipo ine ndingamve. Mawu amenewo satenga nthawi yoposa kukalipa. Komanso ife magadiyani timagwira ntchito yambiri m'wodi, kusambitsa, kudyetsa, kutaya za m'chimbudzi, koma palibe amene amatiphunzitsa choti tichite dripi ikatsala pang'ono kutha.

Mkulu_waWodi

Mfundo imeneyo ndi yomveka amayi, ndipo ili m'manja mwanga. M'mawa uliwonse tingathe kusonkhanitsa magadiyani nkuwaonetsa zizindikiro zofunika kuitanira namwino msanga, monga kukomoka, kupuma movutika ndi kutaya magazi, ndiponso nthawi yoyenera kutiuza za dripi isanathe. Mukalankhulidwa mwachipongwe, pitani kwa mkulu wa wodi kapena kwa womva madandaulo wa pachipatala. Ndingokupemphani kuti podandaula muzinenanso chiwerengero cha anamwino amene munawaona usikuwo ndi kuchuluka kwa odwala, chifukwa dandaulo lotere likafika ku khonsolo limaonetsa vuto lonse, pamene lotchula dzina lokha limathera pa kudzudzula munthu mmodzi, wodi nkukhalabe mmene inalili.

Mphunzitsi_waBangula

Ndikadali ndi nkhawa yanga ija, koma ndikuvomereza kuti kulanga kokha sikungawonjezere anamwino. Kodi bungwe lanu loimira anamwino ndi azamba la NONM likuchitapo chiyani pa za madera ovuta ngati athu?

Namwino_waNaiti

Bungweli limamenyera malipiro ndi ndalama zapadera, ndipo mu Epulo 2020 anamwino ananyanyala ntchito pofuna zodzitetezera ku Covid-19 ndi ndalama ya chiopsezo. Koma za maola, za tulo ndi za thanzi la maganizo sitinazikweze mokwanira ife eni ake, ndipo nthumwi sizinganyamule zimene sitinazipatse. Ndikupempha anamwino a m'zipatala za boma ndi za mipingo (za CHAM) m'maboma awiriwa kuti kwa mwezi umodzi tizilemba pa shifiti iliyonse chiwerengero cha odwala, chiwerengero cha anamwino, ndi maola amene wodi inatsala ndi mmodzi chifukwa cha ulendo wa ambulansi, popanda dzina la wodwala aliyense. Tikasonkhanitsa tikapereke kwa nthumwi zathu, ku komiti ya chipatala ndi kwa makhansala a komiti ya zaumoyo nthawi yokonza bajeti isanafike. A Mkulu_waWodi, kodi mungatikonzere fomu yosavuta ya tsamba limodzi?

Mkulu_waWodi

Ndikonza sabata ino, koma ikhale ya mizere yochepa, chifukwa makaundula amene tili nawo kale ndi gawo la vuto lomweli. Anzathu a m'zipatala zazing'ono za kutsidya anditumizire uthenga kuti tigwirizane njira yotolera mapepalawo mvula isanadule msewu.